Munthu akuimba, ife tikutafuna

Pa Kasungu boma malo odyera opanda phokoso ndi osowa. Ukalowa m'lesitilanti ya kufupi ndi depoti, pamwamba pa firiji pali wailesi yakanema ikuonetsa mpira wa ku England, sipika ya pakhomo ikulimbana ndi ya shopu yoyandikana nayo, panja makondakitala akuitanira za ku Mzuzu, za ku Lilongwe, za ku Nkhotakota. Palibe wodandaula chifukwa palibe wobwera kudzakhalitsa. Kusamba m'manja, mitanda iwiri ndi nkhuku ya lokolo, kulipira, ulendo. Ngakhale kunyumba ambirife tinakula tikuuzidwa kuti pakudya salongolola, nsima ingazizire, ndipo wokonda nkhani ankadzidzimuka anzake atakombeza mbale ya ndiwo.

Ndiye nditamva kuti loji ina kuno yayamba kuphika zakudya za ku Italy Loweruka lomaliza la mwezi, ndi kuti m'chipinda chodyera aikamo piyano yeniyeni, ya matabwa, yoti munthu aziimba anthu akudya, ndinangoti za eni ndalama izo. Amene anaigwira nkhaniyi ndi mlongo wanga, wogwira ntchito ku Lilongwe uja. Anabwera mu July, Bambo atangogulitsa mabelo awo omaliza ku okushoni ya Chinkhoma, n'kulamula kuti makolo atuluke kumudzi, tikawadyetse kumeneko. Akalamula mlongo wangayo, ine ntchito yanga ndi kupeza galimoto.

Muwadziwe kaye Bambo. Ndi mlimi wa fodya wa bale, koma mukawafunsa kuti ndinu ndani adzayamba ndi kwaya. Aphunzitsa kwaya ya mpingo wathu wa CCAP kuyambira ine ndisanabadwe. Nyimbo amaiwerenga pa pepala la d, r, m, f, s, l, t ngati kalata, ndipo khutu lawo ndi loopsa: m'gulu la anthu makumi atatu amatha kuloza mtsikana mmodzi wa alito amene watsetsereka pang'ono. Mayi ndi munthu wa mawu ochepa. Akakhala chete nthawi yaitali, ife ana timadziwa kuti chilipo chikubwera.

Tinafika dzuwa litangolowa, kukuzizira monga mudziwira July wa kuno. Bambo anali mu jekete yawo ya Mgonero, Mayi mu chilundu ndi duku. Mnyamata woperekera zakudya atatikhazika, Mayi anayang'ana mafoloko ndi mipeni, anayang'ananso mnyamatayo, n'kufunsa mwaulemu:

"Mwanawe, madzi osamba m'manja ali kuti?"

Anabwera nawo, beseni ndi jagi, osaseka ngakhale pang'ono. Pa chimenecho chokha ndinawapatsa ulemu eni malowo.

Wophika anatuluka yekha kudzatipatsa moni. Ndi bambo wachikulire, ndipo anatiuza kuti ntchitoyi anaiphunzira ku Balaka, komwe anaphikira ansembe ochokera ku Italy zaka zambiri. Zimenezo sizinandidabwitse. Ku Balaka ndi ku Mangochi amishonale a chipani cha Montfort ochokera ku Italy, ambiri a iwo a cha ku Bergamo kumpoto kwa dzikolo, anasiya chizindikiro chachikulu. Ngakhale Alleluya Band, imene inayamba mu 1978, inakulira pafupi ndi mmodzi wa iwo, Bambo Mario Pacifici. Wophikayu anatifotokozera kuti kwa azungu akewo chakudya sichibwera pamodzi ayi. Kumayamba kokazinga m'kamwa, kotchedwa antipasto. Kenako primo, imene kawirikawiri ndi pasta, mpunga kapena msuzi. Kenako secondo, nyama kapena nsomba, ndi masamba m'kambale kapadera. Pomaliza zotsekemera ndi khofi. Mayi anamvetsera mpaka pamapeto.

"Ndiye kuti nsima payokha, ndiwo zibwera pambuyo?"

"Eya, Mayi, tingotero."

"Chabwino. Kwa eni kulibe mkuwe."

Choyamba kubwera chinali buledi wootcha wopakidwa adyo, pamwamba pali tomato woduladula ndi mafuta obiriwira. Bambo atamva kuti amenewo ndi mafuta a azitona anaimitsa dzanja m'malere. Mafutawa akhala akuwawerenga m'Baibulo moyo wawo wonse koma anali asanawalaweko. Anaviika kachidutswa ka buledi, anatafuna pang'onopang'ono, natsokomola, chifukwa mafuta abwino a azitona amakanda pakhosi.

"Ndiye Samueli anadzoza Davide ndi zimenezi?"

Tinaseka tonse. Ndipo m'kati mwa kusekako piyano inayamba.

Inali pakona, ya mtundu woimirira uja, yakuda, yosupuka vanishi m'mbali. Woimba anali mnyamata wa zaka za m'ma 25, malaya oyera, atatipatsa msana pang'ono. Panalibe womulengeza, panalibe moni, panalibe "tiombe m'manja". Anangokhala pansi n'kuyamba, motsitsa, nyimbo yopanda mawu yoyenda mwakachetechete. Matebulo enawo sanatembenuke n'komwe. Azungu awiri a bungwe lina ankapitiriza kuwerenga za pa foni. Gulu la anthu a ku banki linkakambirana za mnzawo amene wasamutsidwa. Mafoloko ankalira m'mbale.

Bambo anaika buledi pansi, napinda manja.

Mlongo wanga anawauza kuti, "Bambo, idyani. Zizizira."

"Munthu akuimba."

"Eee, akuimba kuti ife tizidya."

"Iwe, munthu akuimba. Ukufuna ndizimutafunira?"

Mkangano umenewo ndi umene wandilembetsa nkhaniyi, chifukwa mpaka lero sunathe m'banja mwathu, ndipo ine ndili ndi mbali yanga. Koma ndiyambe ndathana ndi za m'mbale, popeza ndi zimene anzanga amafunsa.

Mayi anapatsidwa sipageti ya msuzi wa tomato. Atanunkhiza tsamba lobiriwira linali pamwamba anakweza maso: "Uyu si mpungabwi uyu? Timathamangitsira udzudzu." Wophika anavomera kuti ndi pachibale, dzina lake basil, ndipo amadzala yekha kuseri kwa khitchini. Tomato ndi wa ku Jenda. Za sipagetiyo Mayi anagamula msanga kuti sinapse. Wophika anati yapsa, kungoti eni ake amafuna kuti dzino lizimva kuti laluma kanthu, pomwe ife timaiwiritsa mpaka ilefuke. Pasta yeniyeni amapangira tirigu wolimba wotchedwa durum, ndipo n'chifukwa chake siphwanyika m'madzi. Kuno tirigu timalima pang'ono chabe, cha ku Tsangano ndi ku Neno, wambiri timagula kunja. Choncho pasta, mafuta a azitona ndi tchizi zonse zimalira ndalama zakunja, ndipo chichokereni November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo yake siyang'anika kawiri. Tchizi cholimba chimene amaperesera pamwamba, Parmigiano Reggiano, chimapangidwa m'zigawo zochepa zokha za kumpoto kwa Italy, cha ku Parma, Reggio Emilia ndi Modena, ndipo chimasungidwa miyezi yosachepera 12 chisanagulitsidwe. Wophika sanabise: anati akachipeza amachigwiritsa ntchito ngati mankhwala, kakang'onong'ono.

Mlongo wanga anaitanitsa pitsa ya Margherita, ya tomato, tchizi choyera ndi masamba omwe aja, imene kwawo ndi ku Naples. Apa ndinaponyapo kanthu kamene ndimakonda kuuza anthu. Mu December 2017, pa msonkhano wa UNESCO umene unachitikira ku Jeju m'dziko la South Korea, luso la opanga pitsa a ku Naples linalembedwa m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a dziko lapansi. Pa msonkhano womwewo, m'kaundula yemweyo, analembamonso nsima ya ku Malawi. Mayi anayang'ana pitsayo, anayang'ana mtengo wake pa menyu, umene ukanagula nkhuku yamoyo ndi chenji chokwerera kabaza.

"Ngati zili m'buku limodzi, nanga nsimayo bwanji sitigulitsa chonchi?"

Palibe anayankha.

Mbale imene inasintha nkhope za anthu inali ya Bambo. Wophika anawasankhira yekha, ati ndi chakudya chimene ansembe ake ankachilakalaka akapukwa kwawo: polenta, ndi nyama ya ng'ombe yophikidwa nthawi yaitali pamodzi ndi bowa wouma wa m'nkhalango za kuno. Itafika tinangoti kakasi. Ufa wa chimanga wokhakhala, wovundulidwa ndi mthiko m'madzi otentha a mchere mpaka kulimba. Kusiyana kwake kunali mcherewo, batala pang'ono, ndi mtundu. Inali yachikasu.

Mayi anakankhira mpando wawo kumbuyo pang'ono.

"Nsima yachikasu ndinadya kokwanira mu 2002."

Amene munali ku Kasungu chaka chimenecho simufuna kuti ndifotokoze zambiri. Boma lathu linali limodzi mwa amene njala inawapweteka kwambiri. Miyezi ya January ndi February anthu ankadya madeya, ena zitsa za nthochi, mbuzi zikugulitsidwa pa mtengo wa nkhuku, matenanti a m'maesiteti akuyendayenda m'misewu ndi ana kumsana. Chimanga cha thandizo chimene chinabwera pambuyo pake, china chinali chachikasu, chochokera ku America. Chinapulumutsa anthu, koma mtundu wake unakhala m'mitima ngati mtundu wa chaka choipa. Lero alangizi akamalimbikitsa chimanga cha olenji chokhala ndi vitamini A, amadabwa kuti achikulire ena akuchikana osachilawa. Sakana vitamini. Akukumbukira mzere wa pa sukulu, thumba m'manja.

Chimene sindinayembekeze n'chakuti wophika uja, amene anali ataima chapafupi, anati nawonso azungu ake ankanena zofanana. Kwa iwo polenta sinali chakudya cha m'hotela. Inali ya amphawi. Ndipo mbiri ikumuvomereza. Chimanga chinafika ku Italy kuchokera ku America m'zaka za m'ma 1500, ulendo womwe unabweretsanso tomato, ndipo alimi osauka a ku Veneto ndi ku Lombardy, olima minda ya eni ake, anafika podya polenta m'mawa, masana ndi madzulo popanda ndiwo zokwanira. Zotsatira zake zinali matenda a pellagra, obwera thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin: khungu kuda ndi kusupuka m'malo owombedwa dzuwa, kutsegula m'mimba, mutu kusokonezeka. Anavuta kumeneko m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800 mpaka kuchiyambi kwa m'ma 1900, ndipo umphawi womwewo unathamangitsira anthu miyandamiyanda ku Brazil, ku Argentina ndi ku America, monga anyamata athu akhamukira ku Joni lero. Tikamaona Italy wa pa kanema, wa nsapato zodula ndi mpira wa AC Milan, sitiganiza kuti agogo awo anali matenanti odwala ndi chimanga.

Mayi anamva zonsezo, koma sanalawe. Bambo anadya, atapempha chilolezo cha wophika kuti agwiritse ntchito manja. Anati bowa ndi wabwino, nsimayo yachepa moto.

Anadya, inde, koma pa nthawi yopuma ya woimba. Nyimbo ikayamba ankaleka. Ikatha ankaomba m'manja okha m'chipinda chonse, kuomba kwa mkulu wa mpingo, kolemera, kosafulumira. Ulendo woyamba anthu a ku banki anatembenuka. Wachiwiri mmodzi wa azungu aja anawathandiza, mwamanyazi. Mlongo wanga ankafuna kulowa pansi pa tebulo. Kenako Bambo anaimirira, anapisa m'thumba la jekete, anayenda mpaka pakona, naika ndalama pamwamba pa piyano. Anamufupa, monga tichitira ndi woimba ng'oma ya chimtali kapena mwana amene walakatula bwino pa tsiku la makolo.

Maganizo a Bambo ndi osavuta kumva. Kwathu kuno nyimbo imafuna yankho. Wina akatsogolera, ena amavomera. Ng'oma ikalira, mwendo umayankha. Pa ukwati timafupa, pa maliro timathandiza kuimba usiku wonse, pa mganda amayi amaimba nthungululu, ndipo ngakhale m'tchalitchi kwaya ikatha pamamveka "Amen". Woimba amene anthu amupatsa msana ndiye kuti walephera, kapena anthuwo ndi amwano. Kulemba munthu ntchito yoti aziimba koma asamvedwe, kwa Bambo, ndi kumuchotsa ulemu, ndipo ndalama ya pamwezi siyibweza ulemuwo.

Maganizo a mlongo wanga ndi osavutanso. Iyi ndi ntchito, ili ndi malamulo ake. Woimbayo akudziwa chimene anabwerera. Kumuombera m'manja nyimbo iliyonse ndi kumusandutsa chionetsero pomwe iye akufuna kukhala mbali ya chipindacho, pamodzi ndi makandulo ndi nsalu za patebulo.

Mnyamatayo anabwera kudzathokoza pa nthawi yopuma, atagwira chigongono popereka moni. Bambo anamukhazika pampando wanga, ine ndinaimirira. Anatiuza kuti anayambira pa kiyibodi ya kutchalitchi kwawo, ndipo piyano yeniyeni anaikhudza atakula kale. Bambo anamufunsa kusiyana kwake, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Pa kiyibodi, Bambo, nyimbo ikakwera mumangodina batani n'kuitsitsa, zala zili pomwepo. Ng'oma imadziimba yokha, besi imadziimba yokha. Apa palibe batani. Mukalakwitsa, mwalakwitsa inuyo."

Nkhope ya Bambo inawala ngati amva uthenga wabwino. Imeneyo ndi nkhondo yawo ya zaka zambiri. Amati kiyibodi ya ng'oma zodziimba yapha makwaya: ana sakuphunziranso kugwira mawu awo anayi, soprano, alito, tena ndi besi, chifukwa makina amakwirira zolakwa zonse, ndipo makwaya ena afika pongobwera ndi fulashi ya ku situdiyo n'kumayendetsa milomo kutsogolo kwa mpingo. Pamenepa ndimagwirizana nawo kotheratu, ngakhale ndikudziwa kuti achinyamata a kwaya akawerenga izi andikwiyira.

Anakambirana nthawi yaitali, chakudya chikuzizira, ndipo ine ndinaima pambali ndikuganiza kuti Italy anafika m'nyumba mwathu kalekale osadzera kukhitchini. Maina a manoti amene Bambo amaphunzitsira kwaya anayambira kwa mmonke wa ku Italy, Guido wa ku Arezzo, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Ku England m'zaka za m'ma 1800 Sarah Glover ndi John Curwen anawakonza kukhala njira ya solofa, imene amishonale anabwera nayo kuno. Piyano nayo ndi ya komweko. Anaipanga Bartolomeo Cristofori mumzinda wa Florence cha m'ma 1700. Zoimbira za makiyi zimene zinali zotchuka nthawiyo, monga harpsichord, zinkakodola nsambo, choncho kaya udina mwamphamvu kaya mofatsa mawu ankatuluka pafupifupi chimodzimodzi. Cristofori anaika tinyundo togunda nsambo n'kubwerera msanga, kotero kuti chala ndicho chimalamula kukula kwa mawu. Mwa zimene anapanga zatsala zitatu, ku New York, ku Rome ndi ku Leipzig. Ya masiku ano ili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndi nsambo zoposa 200. Luso lonse la mnyamata uja, loimba motsitsa koma momveka, likuchokera pa tinyundo timeneto.

Ndi iye amene ananena mawu amene anandipatsa mbali yanga pa mkanganowu. Bambo atamufunsa ngati sizimupweteka kuimbira misana ya anthu, anaseka.

"Poyamba zinkandipweteka. Koma ndinaona kuti ndikasiya, anthu amasiyanso kulankhula. Amayamba kunong'ona, kuopa tebulo linalo. Ndikayambanso, nkhani zimayambanso. Ndiye ndimayang'ana chipinda. Akakweza mawu ndimakweza pang'ono, akatsitsa ndimatsitsa."

Ganizirani za Kasungu. Tauni ino ndi yaing'ono. Amene wakhala tebulo lachiwiri ndi mlamu wa mphunzitsi wa mwana wako. Wachitatu ndi amene anakukana ngongole. M'malo a zii simungakambe za m'banja, makutu ndi ambiri. M'malo a masipika simungakambe chilichonse, mumakuwa. Piyano ija inali ngati mpanda wa tsekera pakati pa makomo: ukudziwa kuti kuseriko kuli anthu, ukumva kuti akulankhula, koma mawu ake sakukupeza, ndipo ako sakuwapeza. Bambo akunena zoona kuti woimba ayenera ulemu, ndipo sindinachite nawo manyazi pomufupa. Koma sindivomereza kuti mnyamatayo sankamvedwa. Chipinda chonse chinkamuyankha, kungoti yankho lake silinali la m'manja.

Umboni wake unachokera kwa Mayi.

Woimba atabwerera pampando wake, Bambo anapindanso manja. Mayi anadikira nyimbo ikhazikike, kenako anawerama pang'ono, nalankhula ndi mawu awo a masiku onse, osanong'ona.

"Abambo awo, popeza simukudya, mvetserani. Ana ali pano onse awiri. Fodya uja chaka chino tisafese."

Nkhaniyi ife ana takhala tikuizungulira kwa nthawi yaitali. Bambo msana unatha, chifuwa chimawavuta nyengo yosoka ndi yosankha masamba m'chigafa, ndipo ndalama ya fodya ikabwera, ukachotsa feteleza, aganyu, ziguduli, thiransipoti ndi zodula za ku okushoni, chotsala sichifanana ndi miyezi imene yapita kuyambira ku nazale mpaka ku Chinkhoma. Anzawo ambiri atembenukira ku soya ndi mtedza. Koma kumudzi nkhaniyi siyambika. Pakhonde pamadutsa anthu, m'nyumba muli adzukulu, ndipo Bambo akaona kuti yayandikira amakumbuka mwadzidzidzi kuti mbuzi sizinalowe m'khola. Apa panalibe mbuzi. Panalibe kothawira, chifukwa secondo ya mlongo wanga inali isanabwere, ndipo munthu amene wangophunzitsa chipinda chonse ulemu sangaimirire nyimbo ili m'kati.

"Mayi, nkhani imeneyi pano?"

"Pano pomwe. Palibe akutimva."

Ndipo kunalibedi. Anakambirana mwina theka la ola. Mayi anali atawerengera zonse m'mutu, thumba ndi thumba, tsiku la ganyu ndi tsiku la ganyu, mpaka mtengo wa mapilitsi a msana. Bambo anati fodya ndi amene anaphunzitsa ana awiri amene akhala apawa, ndipo munthu satukwana mlatho atawoloka. Mayi anati palibe akutukwana, koma ana anamaliza sukulu kalekale. Mlongo wanga, amene nthawi zonse amathamanga ndi mayankho, anakhala chete, ndipo ndinamuyamikira mumtima. M'kati mwa nkhaniyo magetsi anazima. Piyano sinasiye, poti siidya magetsi, ndipo Bambo anapezerapo mpata wonena kuti, "Mwaona? Ikanakhala kiyibodi bwenzi pano tili zii." Jenereta inalira kuseri, magetsi anabwerera, Mayi anapitiriza pomwe analekezera. Bambo sanazindikire kuti alankhula nyimbo zitatu zathunthu osaomba m'manja. Ine ndinaona, koma sindine wopusa kuti ndiwakumbutse.

Zotsekemera sindinenapo zambiri. Tiramisu, ya mabisiketi oviikidwa mu khofi ndi kirimu, Mayi anaikonda mpaka anafunsa ngati ingasungike mpaka mawa kuti akalawitse adzukulu. Anawauza kuti popanda firiji ayi. Khofi wa espresso anabwera m'tikapu tating'ono kwambiri moti Bambo anayesa kuti ndi wolawa chabe, nadikira weniweni. Bilu inabwera itapindidwa m'kabuku. Mlongo wanga anaitenga msanga, koma Mayi anali ataona kale nambala ya pansi, ndipo m'galimoto anaisandutsa matumba a chimanga mokweza mawu.

Kodi ndi malo oti munthu wa malipiro anga azipitako? Ayi. Mwezi ndi mwezi sindingathe, ndipo sindinamizira kuti sipageti ya tomato, ngakhale ikome bwanji, ikufanana ndi mtengo wake. Chimene umalipira kumeneko ndi mpando wa maola atatu popanda wokuthamangitsa, ndi mnyamata wa pakona uja. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti zimenezi tazisiyira chakudya cha eni. Sindikuona chimene chingaletse munthu kuphika nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera ndi chambo chootcha, kuzimitsa wailesi yakanema, n'kuika pakona munthu wa gitala, wa bangwe kapena wa kalimba woimba motsitsa. Mwina angabwere ochepa. Mwina tingamalize kudya m'mphindi khumi monga mwa chizolowezi n'kuyamba kuyang'ana chitseko. Koma mabanja a nkhani zosayambika pakhonde ndi ambiri m'tauni muno kuposa okonda tchizi.

Tisanatuluke Bambo anabwereranso pakona. Ndinayesa akukatsanzika, koma ndinawaona akudina kiyi imodzi mobwerezabwereza, khutu atalitchera, kenako ina ya pamwamba pake. Anaitana mwini loji.

"Achimwene, chida chanuchi n'chabwino, koma fa uyu wagwa. Ndamumva usiku wonse."

Mnyamata woimba anavomera, nati amayesetsa kumuzemba. Mwini malo anafotokoza kuti piyanoyo anaigula kwa mphunzitsi wina wachizungu amene ankabwerera kwawo, ndipo chiifikitsireni sinakonzedwe. Vuto lake ndi nyengo yathu. Thabwa la m'kati limene limakuza mawu limafufuma nthawi ya dzinja chinyezi chikachuluka, n'kuuma m'chilimwe, ndipo nsambo, zimene zonse pamodzi zimakoka ndi mphamvu ya matani pafupifupi 18, zimakwera ndi kutsika nalo. N'chifukwa chake eni zidazi amati izichunidwa kamodzi kapena kawiri pachaka. Onjezanipo njenjete ndi makoswe okonda ubweya wa pa tinyundo, ndi chiswe chimene sichisankha thabwa. Wochuna ayenera kuchokera kutali, ndipo ulendo wake wokha ndi ndalama. Mwini loji anati akudikira kuti apeze ena a piyano m'boma lino agawane mtengo. Bambo anamulangiza kuti akafunse ku Kamuzu Academy cha ku Mtunthama, ati sukulu yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki chiyambire 1981 singalephere kudziwa munthu wochuna piyano.

Za fodya, September atafika Bambo anafesa ndithu, koma mabedi a nazale anawadula pakati, ndipo munda wa kumunsi walowa soya. Mayi akuti chaka chamawa atsiriza nkhondoyo. Mnyamata woimba uja anavomera kubwera kumudzi kamodzi pamwezi kudzaphunzitsa ana awiri a kwaya kuimba kiyibodi ndi manja onse awiri, ng'oma zodziimba zitazimitsidwa. Bambo amamulipirira basi ndi nkhuku. Mlongo wanga anaimba foni sabata yatha kunena kuti Khirisimasi ino akufuna tikayese chakudya cha ku China ku Lilongwe. Bambo anafunsa ngati kumakhala woimba. Atamva kuti kulibe, anati ndiye bola, adya chakudya chotentha.